Lipoti la ntchito yofukiza chimanga cha kopaletivi pambuyo pa ngozi ya mpweya wa fosifini

Lipoti ili likufotokoza ntchito imene gulu lathu linagwira m'mwezi wa Okutobala m'nyumba yosungiramo mbewu ya kopaletivi ina ya alimi m'chigawo chapakati, kumene anankafumbwe anali atalowerera matumba 600 a chimanga, ndipo mlonda wa pamalopo anali atagonekedwa m'chipatala chifukwa chopuma mpweya wa mankhwala amene anaikidwa m'matumbawo. Sinditchula dzina la kopaletiviyo kapena la munthu aliyense wokhudzidwa. Ndalembera anzanga amene ali ndi chiphaso chothira mankhwala ophera tizilombo, alangizi a zaulimi, ndiponso makomiti amene amasunga mbewu za anthu ambiri. Chimene nkhaniyi inaonetsa poyera n'chakuti pa ntchito yofukiza, ndiko kupha tizilombo ta m'mbewu ndi mpweya wa poizoni, kulephera kupha tizilombo ndi kuvulaza munthu gwero lake ndi limodzi, ndilo kulola mpweya kuthawa pamalo pamene unayenera kutsekeredwa.

Mmene vuto linayambira

Kopaletiviyo inagula chimanga kwa mamembala ake m'miyezi ya Juni ndi Julaye, n'kuchiika m'matumba oluka a makilogalamu 50, chonse pamodzi matani 30, ndi cholinga choti ichisunge mpaka Januwale kapena Febuluwale, nyengo imene m'nkhokwe zambiri mumakhala mutayera ndipo mtengo umakwera. Pogula panalibe amene anayeza chinyezi, ndiponso panalibe amene anafunsa ngati mwini thumba anathira mankhwala a ufa kapena ayi. Ena anathira Actellic, ena phulusa, ena sanathire kalikonse, koma matumba onse anasanjidwa mulu umodzi wotsamira ku zipupa ziwiri. M'ngodya ina munali matumba ochepa a chimanga cha chaka chatha pamodzi ndi matumba akale osakutumula, ndipo m'menemo ndi mmene ambiri mwa anankafumbwe anachokera, kuphatikiza ena amene anabwera ndi chimanga chatsopanocho, poti nankafumbwe amayamba kuikira mazira chimanga chikadali m'munda.

Pofika Seputembala, munthu akaima pafupi ndi mulu n'kukhala chete ankamva kaphokoso ka tizilombo tikubowola njere. Komiti itakumana inagwirizana zoitana munthu wina amene amagulitsa mankhwala a mbewu pa tsiku la msika, amene analibe chiphaso cha mtundu uliwonse. Iye anabwera ndi zitini za mibulu ya aluminium phosphide, imene ambiri amangoti mapiritsi a chimanga, ndipo anamasula thumba lililonse, n'kukankhiramo mbulu umodzi womanga m'kansanza, n'kusokanso. Atasanjanso mulu anatseka zitseko ndi mawindo, nauza a komiti kuti adzatsegule pakapita masiku atatu.

Bambo amene amalondera pamalopo ankagona m'kachipinda ka m'mbali, kamene kanalekana ndi mosungiramo mbewu ndi chipupa cha njerwa chosafika ku malata. Pakati pa mutu wa chipupacho ndi denga panali mpata woti mkono n'kulowa bwinobwino. Usiku wachiwiri bambowo anayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako kusanza ndi chifuwa kuthina. Anaganiza kuti ndi malungo, choncho anangofunda n'kugonabe momwemo, chitseko chili chotseka. M'mawa mayi wina wa m'komiti anawapeza ali lefulefu, akupuma movutikira. Anthu anawamwetsa mkaka, n'kuwakweza pa njinga ya kabaza kupita nawo ku chipatala chaching'ono, kumene atawayeza sanawapeze ndi malungo. Wina atatchula za mapiritsi aja m'pamene a chipatala anawatumiza msanga ku chipatala cha boma, ndipo kumeneko anawaika pa mpweya wothandizira kupuma, n'kumayang'anira kagundidwe ka mtima mpaka anachira.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti mkaka umasukulutsa poizoni wa mtundu uliwonse, koma kwa munthu amene wapuma mpweya woipa mkaka suthandiza kanthu, ndipo kumwetsa chilichonse munthu wofooka amene akusanza kungachititse kuti atsamwe. Fosifini, mpweya umene mibulu imeneyi imatulutsa, alibe mankhwala ochotsera mphamvu yake m'thupi. Atropine, amene madokotala amabaya munthu amene wamwa tameki kapena mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate, sagwira ntchito pa fosifini. N'chifukwa chake popita ndi wodwala ku chipatala payenera kukhala munthu wonyamula pepala la malangizo la pa chitini kapena wodziwa dzina lenileni la mankhwalawo, kuti dokotala asataye nthawi. Komanso wodwala sayenera kubwerera kunyumba chifukwa choti wayamba kupezako bwino atatulutsidwa panja, popeza madzi a m'mapapo ndi kusokonekera kwa mtima zimatha kudza patapita maola ambiri.

Zimene tinapeza

Titafika, ntchito yoyamba inali kuyeza mpweya tisanalole aliyense kulowa. Malire amene timatsatira ndi akuti munthu asagwire ntchito popanda chodzitetezera pamalo pamene fosifini wapitirira magawo 0.3 pa miliyoni, amene pa makina oyezera amalembedwa 0.3 ppm, ndipo akafika 50 ppm moyo umakhala pa chiswe nthawi yomweyo. Fungo la mpweyawu limafanana ndi la adyo kapena la nsomba yoyamba kuwola, koma mphuno si makina oyezera, chifukwa nthawi zina fungolo limazilala mpweya ukadalipo. Tinatsegula zitseko titavala zophimba nkhope yonse zokhala ndi sefa yake ya fosifini, ndipo tinadikira mpaka makina ataonetsa kuti m'nyumbamo ndi m'kachipinda ka mlonda muli bwino.

Apampando a kopaletiviyo anandilandira ndi mawu akuti, "Bambo, ife tikuona ngati anatigulitsa mapiritsi achinyengo, chifukwa anankafumbwe akuyendabe." Anali ndi chifukwa chomveka chonenera zimenezi. Pansi panali mbwee anankafumbwe akufa, koma pa matumba pankayenda amoyo ambiri, ndipo nditapisa dzanja pakati pa thumba la m'munsi ndinamva kufunda, chizindikiro chakuti mkati mwa njere ntchito yodya inali mkati. Ndinawayankha kuti mapiritsiwo anali enieni, ndipo umboni wake unali bambo amene anali m'chipatala aja. Umboni wina unali pa khoma, pamene nsonga za waya wa magetsi wa kopa zinali zitada bii, ndiponso sikelo yawo ya magetsi, imene inasiyidwa m'nyumbamo, inali itasiya kugwira ntchito. Fosifini amadya kopa, choncho zipangizo zamagetsi siziyenera kutsala pamalo ofukiza.

Titasefa chimanga chochokera pamwamba, pakati ndi pansi pa mulu, tinapeza tizilombo ta mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba anali nankafumbwe wodziwika uja wa kamlomo kosongoka. Wachiwiri anali nankafumbwe wamkulu, wa thupi lobulungira ngati kachidutswa ka mtengo wa machesi ndi mutu wobisika pansi, amene sayansi imamutcha Prostephanus truncatus. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi ku Central America. Mu Africa anayamba kuoneka m'dera la Tabora ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo m'Malawi anapezeka koyamba ku Karonga mu 1991. Amadziwika ndi ufa wambiri umene amasiya, chifukwa amabowola kuposa mmene amadyera. Pansi pa matumba a m'munsi panali ufa woti n'kuwola ndi manja, ndipo m'mitengo imene anayala pansi pa mulu munali timabowo tozungulira, kusonyeza kuti anali atabisalanso m'menemo. Chinyezi cha matumba ambiri chinali pakati pa 12 ndi 13 peresenti, chimene n'chabwino posunga, koma ena ochepa anapitirira 15 peresenti ndipo anali atayamba chuku.

Chifukwa chake mibulu 600 sinaphe anankafumbwe

Mbulu umodzi wa aluminium phosphide umalemera magalamu 3, ndipo ukakumana ndi chinyezi cha mu mpweya umasungunuka pang'onopang'ono n'kutulutsa galamu imodzi ya fosifini, n'kutsala kaufa kotuwa. Mlingo umene tinawerengera mulu uwu, motsatira malangizo a pa chitini, unali mibulu itatu pa tani, kutanthauza mibulu 90 pa matani 30. Munthu uja anaika mibulu 600, ndiyo 20 pa tani, pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa mlingo woyenera, komabe tizilombo tinapulumuka. Aliyense wogwira ntchito imeneyi ayenera kumvetsa chifukwa chake, popeza wosamvetsa amangowonjezera mibulu ulendo wotsatira.

Fosifini amapha kachilombo kamene kakupuma. Nankafumbwe wokhwima msinkhu ndi mphutsi zimapuma kwambiri, motero zimafa msanga, mwina tsiku loyamba kapena lachiwiri. Koma nankafumbwe wamkazi amabowola njere, n'kuikira dzira mkati, n'kumata pakhomo pake, ndipo dziralo, pamodzi ndi kachilombo kamene kagona m'njere kudikira kusanduka nankafumbwe, zimapuma pang'ono kwambiri, kotero kuti mpweya wochuluka wa tsiku limodzi kapena awiri umangozidutsa. Kuti zife, mpweya uyenera kukhalapo mpaka dzira liswe kapena chogonacho chidzuke, n'kupeza poizoni akadalipo. Choncho mphamvu ya ntchitoyi ili m'kutalika kwa nthawi imene mpweya wasungika. Muyeso umene ambiri timatsatira ndi wakuti mpweya usatsike pansi pa 300 ppm kwa masiku 7, kapena pansi pa 200 ppm kwa masiku 10, ndipo nyengo ikakhala yozizira masikuwo amawonjezeka, chifukwa mibulu imachedwa kusungunuka komanso tizilombo timachedwa kukula.

Kusunga mpweya m'thumba loluka kuli ngati kutungira madzi m'dengu. M'dzuwa la Okutobala kapena la kumapeto kwa Seputembala mibulu ija inatulutsa mpweya wake wambiri m'masiku awiri oyamba, ndipo mpweyawo unatuluka m'matumba, n'kudzaza nyumba, n'kuthawira m'mipata ya malata, pansi pa zitseko ndi pamwamba pa chipupa chija. Fosifini amalemera pang'ono kuposa mpweya umene timapuma, koma amafalikira msanga mbali zonse ndipo amadutsa m'ming'alu, m'matabwa, ngakhale m'zipupa za njerwa zosapaka pulasitala. Magalamu 600 amene anayenera kukhala m'chimanga kwa sabata anapita kunja, ndipo gawo lina linapita m'mapapo a mlonda. Zikanakhala kuti m'kachipindamo munagonanso ana, monga zimachitikira m'makomo ambiri mmene chimanga chimasungidwa kuchipinda chogona, nkhaniyi ikanakhala ya maliro, chifukwa ana amagonja msanga ku mpweya umenewu.

Pali vuto linanso limene limandidetsa nkhawa kwambiri ngakhale sililiza munthu tsiku lomwelo. Tizilombo timene tapulumuka mpweya woperewera ndi timene timaswana, ndipo ana ake amatengera kulimbako. M'mayiko ambiri akatswiri apeza kale tizilombo ta m'nkhokwe tosamva fosifini, ndipo chimene chinabweretsa zimenezi ndi kufukiza mobwerezabwereza pamalo otuluka mpweya. Kale tinkadalira mpweya wina wofukizira wotchedwa methyl bromide, koma pansi pa pangano la Montreal la 1987 loteteza mlengalenga, mayiko ongotukuka kumene anayenera kusiya kumugwiritsa ntchito pofika 2015, kupatula pa katundu wina wodutsa malire a mayiko. Fosifini ndi amene watsala m'manja mwathu pa mbewu zochuluka, ndipo aliyense woponya mbulu m'thumba loluka akuthandiza kuti nayenso adzatithere mphamvu.

Ntchito imene tinagwira

Tisanaganize zofukizanso, tinayenera kuchotsa tinsanza tonse tija. Matumba tinawatulutsira panja, ndipo anyamata ogwira ntchito ankaima kumene kukuchokera mphepo atavala zodzitetezera. M'tinsanza tambiri munali kaufa kotuwa kokhakokha, koma m'tina, makamaka timene anamanga mothina m'nsalu yokhuthala, munali zibenthu zolimba zimene zinali zisanathe kusungunuka. Tina tinali titamasuka, ufa wake n'kusakanikirana ndi chimanga chimene anthu akanadzapita nacho ku chigayo. Tinawerenga tinsanzato mpaka chiwerengero chinakwana 600, chifukwa kamodzi kokha kotsala kakanafika m'khitchini ya munthu. Chimanga chonse tinachisefa kuti ufa uchoke, popeza ufa umatseka njira za mpweya pakati pa njere. Chonyowa chija tinachiyanika padera, ndipo chachuku tinachipatula n'kulangiza kuti chisadyedwe kapena kupatsidwa kwa ziweto. Mitengo yobooka ija inatenthedwa, m'nyumba munasesedwa mpaka m'ngodya ndi pa mitanda ya denga, ndipo ming'alu ya pansi inamatidwa ndi simenti.

Mulu watsopano tinausanja pa mapaleti, n'kusiya mpata wa mita imodzi kuchokera ku chipupa chilichonse, kuti munthu azitha kuuzungulira. A komiti anafunsa ngati matenti awo oluka a buluu aja sangagwire ntchito kuti mtengo utsike, ndipo tinakana, chifukwa tenti yotere imatchinga mvula koma mpweya umangodutsa. Chofunika ndi chinsalu cha pulasitiki chokhuthala chopangidwira kufukiza. Tisanachiyale tinachitambasula panja, awiri n'kulowa pansi pake kuti aone pamene kuwala kwa dzuwa kukulowera, ndipo kabowo kalikonse, ngakhale kochepa ngati kobaya singano, tinakamata ndi tepi mbali zonse ziwiri. M'ngodya za mulu tinaikamo matumba akale opinda kuti chinsalu chisang'ambike. M'mphepete monse tinatsendereza ndi matumba aatali a mchenga, mizere iwiri, ndipo tinawasanja mopingasa kuti polumikizira pa mzere wina pasayang'anizane ndi polumikizira pa unzake. Tinalowetsanso timapaipi tating'ono pamwamba, pakati ndi pansi pa mulu, kuti tizitha kuyeza mpweya wa mkati osatsegula chinsalu.

Poika mibulu pamafunika anthu osachepera awiri, ndipo aliyense azidziwa kumene mnzake ali. Chitini chimatsegulidwa pamalo opita mphepo, kukamwa kwake kutaloza kutali ndi nkhope, chifukwa mpweya wounjikana m'chitini umatha kuyaka ukakumana ndi wa kunja. Magolovesi ayenera kukhala ouma. Mibulu 90 ija tinaiyala m'mathireyi a makatoni, uliwonse pawokha osasanjikiza, n'kukankhira mathireyiwo pansi pa mapaleti mozungulira mulu wonse. Mibulu yowunjika pamodzi, kapena imene yakhudzana ndi madzi, imatentha ndipo imatha kubuka moto. Zonsezi zimachitika mofulumira ndi mwadongosolo lokonzeratu, kuti pamene mpweya ukuyamba kuchuluka anthu akhale atatseka chinsalu n'kutuluka. Ndiyenera kunena mosabisa kuti timasiki ta nsalu kapena ta pepala, timene timathandiza pa fumbi, sititeteza munthu ku fosifini ngakhale pang'ono, ndipo kupatsa wantchito kamasiki kotero n'kumuuza kuti watetezeka ndi kumupereka ku imfa.

Nyumba tinaikiya ndi maloko athu, makiyi n'kukhala ndi ife. Pa chitseko chilichonse tinamata chenjezo la m'Chichewa lokhala ndi chithunzi cha chigaza ndi mafupa, dzina la mankhwala, tsiku lofukiza ndi tsiku loyembekezeka kutsegula. Kachipinda ka mlonda nako kanakiyidwa, ndipo wolondera wongogwirizira anamangiridwa kachisakasa patali, kumene kumachokera mphepo. Tinakaonana ndi a mfumu a m'mudzimo kuti alengeze kwa makolo zoti ana asasewere pafupi, komanso tinadziwitsa a chipatala chaching'ono chija za mankhwala amene tikugwiritsa ntchito ndi masiku ake.

Tsiku lachiwiri mpweya unali wokwera m'timapaipi tonse titatu. Tsiku lachitatu kapaipi ka pansi kanaonetsa kutsika kofulumira kuposa mmene chimanga chokha chingamwere mpweya, ndipo titazungulira mulu ndi makina, titavala zophimba nkhope, tinapeza pothawira pa ngodya ina pamene simenti inali ndi kadzenje kosaya, moti thumba la mchenga silinagone bwino. Tinathirapo mchenga wouma n'kuwonjezera thumba lina, ndipo kutsikako kunaleka. Popanda kuyeza, bowo limeneli silikanadziwika, ndipo ntchito ikanaoneka ngati yayenda bwino mpaka patapita mwezi pamene anankafumbwe atsopano akanatuluka m'njere. Ine ndimaona kuti wofukiza amene alibe makina oyezera mpweya sayenera kulandira ntchito yofukiza, ngakhale chiphaso ali nacho m'thumba.

Chiyeso chachikulu chinabwera tsiku lachinayi, ndipo sichinali cha mankhwala. Kunafika wogula amene ankafuna matumba 100 tsiku lomwelo, ndalama ali nazo m'manja, ndipo kopaletiviyo inali ndi ngongole ya kuchipatala ndi ya mayendedwe. Msungichuma anandipempha mwaulemu wonse kuti titsegule mbali imodzi yokha, titenge matumbawo, n'kutsekanso. Ndinawamvera chisoni, poti vuto lawo linali lenileni, koma ndinakana. Kutukula chinsalu pa tsiku limenelo kukanatulutsa mpweya pa nthawi imene unali wochuluka kwambiri, pamaso pa onyamula matumba, ndipo galimoto ikanapita ndi chimanga chotulutsabe poizoni chokhala ndi mazira amoyo mkati. Matumba 500 otsalawo akanayenera kuyambanso kuwerenga masiku kuchokera pa tsiku loyamba ndi mibulu ina. Wogulayo anapita kwina, ndipo a komiti ena sanakondwe nane. Ichi n'chifukwa chake makiyi amakhala ndi wofukiza, ndipo mfundo imeneyi iyenera kulembedwa m'pangano ntchito isanayambe, kuti pasadzakhale kukokanakokana pa khomo la nyumba yodzaza mpweya.

Mpweya unakhalabe pamwamba pa 300 ppm mpaka masiku 7 athunthu atakwana. Potsegula tinayamba ndi zitseko ndi mawindo onse, kenako awiri ovala zodzitetezera anachotsa matumba a mchenga a mbali imodzi, n'kutukula ngodya za chinsalu, n'kutuluka msanga. Chinsalu chonse chinachotsedwa mpweya utachepa, ndipo palibe amene analoledwa kulowa wosavala mpaka makina ataonetsa pansi pa 0.3 ppm, osati pakati pa nyumba pokha komanso m'mipata ya matumba. Ufa wotsala m'mathireyi, monganso wa m'tinsanza tija, tinautengera panja m'ndowa zosavundikira, n'kumauthira pang'onopang'ono m'madzi a sopo kwinaku tikutakasa, titaima kumene kukuchokera mphepo, ndipo utaleka kuchita thovu tinaukwirira m'dzenje kutali ndi mjigo ndi zitsime. Ufa umenewu suyenera kutsekeredwa m'chitini kapena m'jumbo, chifukwa mpweya wotsalira ukaunjikana umaphulika. Zitini zopanda kanthu tinaziboola n'kuziphwanya kuti wina asadzasungiremo mchere kapena shuga.

Zotsatira ndi zotsala

M'chimanga chimene tinasefa titatsegula simunapezeke kachilombo kamoyo, koma zimenezo pazokha si umboni wokwanira. Tinatenga chimanga cha m'mbali zosiyanasiyana za mulu n'kuchisunga m'mabotolo ovundikira ndi kansalu kwa milungu isanu ndi umodzi, nthawi yokwanira kuti dzira la nankafumbwe lifike potuluka ngati wamkulu m'nyengo yotentha, ndipo m'mabotolo onse simunatuluke kanthu. Zimene zinadyedwa kale sizinabwerere. Titasefa ndi kuyezanso pa sikelo yobwereka, matumba ena a m'munsi anali atatsika kufika makilogalamu 44, ndipo njere zobooka zinatsitsa mtengo wa chimanga chonse.

A komiti anadabwa kumva kuti kufukiza sikusiya chitetezo chilichonse. Mpweya ukangotuluka, nankafumbwe wochokera kunja angalowe tsiku lomwelo. Choncho tinapopera zipupa, pansi ndi mitanda ya denga ndi pirimiphos-methyl wosungunula m'madzi pa mlingo wa pa botolo. Mankhwala amenewa ndi a gulu la organophosphate ndipo amalowera pakhungu, motero wopopera anavala ovololo, magambutsi, magolovesi a labala ndi choteteza maso, sanadye kapena kusuta mpaka atasamba ndi sopo, ndipo zovala zake zinachapidwa pazokha. Botolo tinalitsukuluza katatu, madzi ake n'kuwathira m'sipuleya momwemo, kenako n'kuliboola. Za chaka chamawa tinagwirizana kuti chimanga chiziyezedwa chinyezi pakhomo, chisasakanizidwe ndi chakale, ndipo chithiridwe mankhwala a ufa ovomerezeka pa mlingo wake chisanasokedwe, kapena chiikidwe m'matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba loluka kunja, amene amapha tizilombo potimana mpweya popanda mankhwala. Kwa mamembala amene amasunga chimanga m'nyumba zogonamo, ndinanena mobwereza pa msonkhano wawo kuti njira ndi ziwiri zomwezo, ndipo mbulu wa aluminium phosphide suyenera kulowa m'nyumba imene mumagona munthu kapena chiweto, kaya ndi umodzi wokha.

Lamulo la Pesticides Act la chaka cha 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene lili ndi ofesi ku Bvumbwe, ndipo bungweli ndi limene limalembetsa mankhwala ololedwa m'dziko muno ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa komanso kwa ife othira mankhwala mwa malonda. Komiti iliyonse ili ndi ufulu wopempha kuona chiphaso munthu asanakhudze mbewu zake, ndipo wofukiza weniweni sakhumudwa akafunsidwa. Ayenera kufunsidwanso kuti aonetse chinsalu chake, makina oyezera mpweya ndi zodzitetezera za antchito ake, ndipo pomaliza asiye chikalata chosonyeza dzina la mankhwala, mlingo, masiku ndi zimene makina anawerenga tsiku lililonse. Koma nafenso a ziphaso tili ndi mbali yathu, chifukwa makopaletivi ang'onoang'ono amathamangira kwa wa pamsika poona kuti ife tili kutali ndipo mtengo wathu ndi wa makampani aakulu. Magulu oyandikana atagwirizana kufukiza nyengo imodzi, ndalama ya mayendedwe ingagawidwe, ndipo ndikupempha alangizi kuti athandize kulumikiza magulu otere chimanga chikangolowa m'nyumba, osadikira Okutobala.

Tisanachoke tinafunsa ngati panatsala mankhwala ena, ndipo mlembi anatitengera ku kabati ya mu ofesi, mmene munali chitini chotsegula kale chokhala ndi mibulu yotsala, chivundikiro chake chitangokhazikidwa, pafupi ndi makapu ndi masamba a tiyi a pa misonkhano. Tinachitulutsa, mu ofesimo tinapititsamo mphepo ndi kuyeza, ndipo mibuluyo tinaiwononga mofanana ndi ufa uja. Nkhani yonse, kuphatikizapo za kugulitsidwa kwa mibulu yapayokhapayokha pamsika, tinailembera ku bungwe loona za mankhwala ndi ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo. Chipupa cha kachipinda kaja chinakwezedwa mpaka ku malata, komabe ndinalangiza kuti pa nthawi yofukiza pasadzagonenso munthu pansi pa denga limenelo. Pa kuyendera kwa mu Disembala mulu unalibe nankafumbwe, koma pa matumba a pafupi ndi khomo panali agulugufe ang'onoang'ono a m'chimanga ndiponso ndowe za makoswe, choncho tinakhomera sefa wa waya pa mawindo, tinatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi lata, ndipo tinasiya buku loti komiti izilembamo zimene yapeza ikasefa chimanga cha m'matumba osiyanasiyana pa milungu iwiri iliyonse mpaka chigulitsidwe.